Kutolera ndi Kusamala Mfuti Zakale za Volovolo: Zoyenera Kudziwa Musanagule

M'chaka cha 2018, pa okushoni ya kampani ya Rock Island Auction ku America, mfuti imodzi ya Colt Walker yopangidwa mu 1847 inagulidwa ndi madola 1.84 miliyoni. Mfuti zatsopano zotengera maonekedwe a Walker yomweyo, zimene amapanga ku Italy masiku ano, zimagulitsidwa pa madola mazana ochepa chabe, chonsecho chitsulo chake n'cholimba kuposa cha yakaleyo. Ndalama za wogula uja zinapita pa zinthu zitatu: mfuti za mtundu umenewu zinapangidwa 1,100 zokha, imeneyi inali idakali mmene inachokera kwa oipanga limodzi ndi bokosi lake, ndiponso mbiri ya kumene inadutsa inali yodziwika. Volovolo yakale ili ngati chikalata cholembedwa pachitsulo, ndipo ntchito ya wotolera ndiyo kuphunzira kuchiwerenga ndi kupewa kufufuta zimene zinalembedwapo. Malangizo onse ali m'munsimu achokera pa mfundo imeneyi.

Yambani ndi lamulo la dziko limene muli

Mfuti, ngakhale ikalambe bwanji, boma limaionabe ngati mfuti, ndipo mayiko amasiyana kwambiri pa zimene amatcha zakale. Ku America, lamulo la boma lalikulu limaika m'gulu la zakale mfuti zopangidwa mu 1898 kapena m'mbuyo mwake. Ku Britain, kumene mfuti zambiri zam'manja zinaletsedwa mu 1997 pambuyo pa chiwembu cha ku Dunblane, munthu angasunge volovolo yakale ngati chokongoletsa popanda chiphaso pokhapokha itapangidwa 1 September 1939 isanafike, ndiponso ngati kayatsidwe kake kapena zipolopolo zake zili pa mndandanda wa zimene zinasiya kugwiritsidwa ntchito. Mndandandawo umasintha: mu 2021 anachotsapo zipolopolo zingapo, kuphatikizapo .44 Smith & Wesson Russian ndi .442, ndipo amene anali ndi mfuti zotere anayenera kupeza chiphaso, kugulitsa kapena kuzipereka kupolisi. Ku South Africa, Firearms Control Act ya 2000 ili ndi chiphaso chapadera cha otolera, koma wopempha amayenera kukhala membala wa bungwe la otolera lovomerezedwa. Kuno ku Malawi kusunga mfuti popanda chiphaso ndi mlandu waukulu, choncho amene wapeza volovolo m'sutikesi ya malemu agogo ake ayambe wakafunsa kupolisi asanainyamule kupita nayo kulikonse.

Amene alibe mwayi wosunga mfuti sanatsekeredwe kunja kwa luso limeneli. Nyumba yosungiramo zida zakale ya Royal Armouries ku Leeds ku Britain, ndi Cody Firearms Museum ku Wyoming ku America, zili ndi mfuti zimene otolera ambiri sadzazigwirapo moyo wawo wonse, ndipo makampani a okushoni amaika pa intaneti zithunzi zapafupi za mfuti iliyonse limodzi ndi malongosoledwe ake. Kuwerenga makatalogi amenewa kwa chaka chathunthu musanatulutse khobidi ndi sukulu yotsika mtengo kuposa ina iliyonse.

Dziwani mibadwo yake

Volovolo ndi mfuti yam'manja yokhala ndi silinda ya mabowo angapo, kawirikawiri 5 kapena 6, imene imazungulira kuti bowo lililonse lifike pampope wotulukira chipolopolo. Mbadwo woyamba ndi wa mfuti zothira onga kutsogolo. Amene anaonapo gogodela wa alenje akumudzi amvetsa msanga kagwiridwe kake: m'bowo lililonse la silinda amathiramo onga wakuda, n'kutsindiramo chipolopolo chamtovu, kenako kumbuyo kwake amavekako kachipewa kamkuwa kamene kamayatsa ongawo hamala, kachitsulo kakumbuyo kwa mfuti, ikamenya. Samuel Colt analandira umwini wa luso lake ku America mu 1836 ndipo anayamba kupanga mfuti ku Paterson, New Jersey, koma kampaniyo inagwa mu 1842. Chimene chinamudzutsa ndi oda ya boma ya mu 1847, pa nthawi ya nkhondo ya America ndi Mexico, imene inabala Walker ija, chimfuti cholemera pafupifupi makilogalamu 2 chotchedwa dzina la Captain Samuel Walker. Pambuyo pake panabwera 1851 Navy ya .36 ndi 1860 Army ya .44 (manambala okhala ndi kadontho kutsogolowa amasonyeza kukula kwa bowo la mpope m'mainchesi), zimene pamodzi ndi Remington New Model Army zinadzaza m'manja mwa asilikali pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865.

Mbadwo wachiwiri ndi wa zipolopolo zokhala m'chigoba chamkuwa, zolowetsa kumbuyo kwa silinda. Umwini wa silinda yoboola mbali zonse unali wa Rollin White kuyambira 1855, ndipo Smith & Wesson, amene anagwirizana naye, anatulutsa Model 1 ya .22 mu 1857. Makampani ena a ku America anamangika manja mpaka umwiniwo utatha mu 1869, n'chifukwa chake m'zaka zotsatira munapezeka mfuti zambiri zothira onga zosinthidwa kuti zilandire zipolopolo zatsopano. Mfuti zosinthidwazi ndi gawo losangalatsa kwambiri kwa otolera, chifukwa pa mfuti imodzi pamaoneka mibadwo iwiri. Mu 1873 kunabwera Colt Single Action Army ya .45, yodziwika kuposa zonse, ndipo mu 1875 asilikali a America analandiranso Schofield ya Smith & Wesson, yothyoka pakati potulutsa zigoba.

Ku Britain nkhani inayenda mwanjira yake. Colt anaonetsa mfuti zake pa chionetsero chachikulu cha mu 1851 ku London ndipo anatsegula fakitale ku Pimlico, koma sinakhalitse, popeza asilikali a Britain anakonda Beaumont-Adams, imene inkatha kuwomba munthu akangokoka chokhethemulira popanda kuyamba wakweza hamala ndi chala. Kuyambira 1887 volovolo ya boma inali Webley ya .455, imene inasinthidwasinthidwa kufikira Mark IV ya mu 1899, ya nthawi ya nkhondo ya Mabunu, ndi Mark VI ya mu 1915. Kwa ife a chigawo chino Webley ndiyo yoyandikira mbiri yathu, chifukwa ndi mfuti imene akuluakulu a asilikali achingerezi ankamanga m'chiuno m'magulu ngati King's African Rifles, limene linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo linali ndi asilikali ambiri ochokera ku Nyasaland.

Sankhani kagawo kamodzi

Cholakwa cha oyamba kumene ndicho kugula chilichonse chakale chimene chadutsa pamaso. Pakatha zaka zingapo amakhala ndi kabati yodzaza ndi mfuti zosagwirizana, ndipo palibe imene akuidziwa mokwanira kuti aiteteze pamaso pa katswiri. Ndi bwino kusankha kagawo kopapatiza, monga ma Webley a boma kuyambira Mark I mpaka Mark VI, kapena timfuti tam'thumba ta British Bull Dog timene Webley anayamba kupanga mu 1872 ndipo amisiri a ku Liège ku Belgium anatengera mochuluka. Kagawo kotere kamakuphunzitsani maonekedwe enieni a zilembo, zidindo ndi kasemedwe, kufikira poti chachilendo chimakulasani m'maso musanadziwe n'komwe chifukwa chake.

Musasokoneze kuchepa ndi mtengo. LeMat, ya mabowo 9 ndi mpope wachiwiri wa zipolopolo zomwazika pansi pake, inapangidwa pafupifupi 2,900 zokha, ndipo Webley-Fosbery, imene silinda yake ili ndi ngalande zokhotakhota ndipo imadzikweza yokha ikawomba, sinafike 5,000. Zimenezi n'zochepadi ndiponso zodula. Koma pali mfuti zambiri za amisiri ang'onoang'ono zimene n'zochepa kuposa pamenepa koma palibe ozifuna, pamene Single Action Army yoyambirira, imene inapangidwa yoposa 350,000 kufikira cha mu 1940, imagulidwabe ndi ndalama zochuluka chifukwa oilakalaka ndi ambiri. Kwa ine, woyamba kumene amapindula kwambiri ndi mfuti yofala imene ili bwinobwino kusiyana ndi yosowa imene inadutsa m'manja mwa okonza ambiri.

Mmene mungayang'anire mfuti ili m'manja

Pemphani chilolezo kwa mwini wake musanaigwire, ndipo chinthu choyamba chikhale kutsimikiza kuti mulibe kanthu, mpope utaloza kumene kulibe munthu. Mfuti zothira onga zimapezeka nthawi zina zidakali ndi onga wa zaka zoposa 100 m'silinda, ndipo onga wakuda ukakhala pouma sutha mphamvu. Mukapeza zotere, ntchito yochotsa ndi ya mmisiri wa mfuti wovomerezeka.

Mukhale ndi tochi, galasi lokulitsira zinthu ndi kabuku. Yambani ndi manambala. Pa Colt yothira onga, nambala imodzimodziyo, kapena manambala ake omalizira, imayenera kupezeka pampope, pafelemu, pakachitsulo kotchinga chokhethemulira, pachitsulo chakumbuyo kwa chigwiriro, pasilinda, ngakhalenso pakamphero kogwirizitsa mpope ndi felemu. Sikokwanira kuti manambala agwirizane. Yang'anani ngati kapangidwe ka zilembozo n'kofanana, ngati kuya kwake n'kofanana, ndiponso ngati malo ozungulira nambala sanatsike pang'ono, chomwe chimasonyeza kuti wina anapala yakale n'kudinda yatsopano. Komabe pali mfuti zimene kusagwirizana kwa manambala ndi gawo la mbiri yake yeniyeni. Kuyambira cha mu 1895 boma la America linabweza ma Single Action Army ambiri a asilikali apakavalo kuti akonzedwe, mipope yake inadulidwa kuchoka pa mainchesi 7½ kufika pa 5½, ndipo pozilumikizanso zigawo zinasakanikirana. Otolera amazitcha Artillery Model ndipo amazilemekeza momwemo. Munthu wosadziwa mbiriyi angakane mfuti yabwino, kapena kunamizidwa ndi ina yosakanizidwa dzulodzuloli.

Kenako onani khungu la chitsulo, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Fakitale inkapatsa mpope ndi silinda mtundu wabuluu woderapo, ndipo felemu ya Colt inkatuluka ndi mawangamawanga obwera chifukwa cha kaumitsidwe ka chitsulo pamoto. Mitundu imeneyi imatha mwadongosolo lake: imayamba kufufutika kukamwa kwa mpope, m'mbali mwa silinda ndi m'mphepete monse mokhuzana ndi chikopa kapena dzanja, koma imatsalira m'makona obisika, monga m'ngalande za silinda ndi pansi pa mpope. Mfuti yakale yokhala ndi mtundu wofanana paliponse iyenera kukukayikitsani. Walitsani tochi chopendekera pa zilembo za pampope. Chidindo choyambirira chimakhala ndi m'mphepete mwakuthwa, pomwe pa mfuti yopalidwa n'kupakidwanso zilembo zimaoneka ngati zasungunuka, mabowo a masikuluwu amasanduka tizigwa, ndipo timaenje tadzimbiri timaoneka pansi pa mtundu watsopanowo m'malo mokhala pamwamba pake.

Pa 1851 Navy, yang'anitsitsani silinda. Pozungulira pake panadindidwa chithunzi cha nkhondo yapanyanja ya ku Campeche ku Mexico ya mu 1843, chojambulidwa ndi Waterman Ormsby, ndipo chithunzicho n'chosaya kwambiri moti ndicho chimayamba kufufutika. Pa mfuti yosungidwa bwino mumatha kuwerenga zombo, matanga ake ndi mafunde. Pa yotopa mumangoona mizere iwiri kapena itatu. Otolera amayerekeza kuti chatsala chochuluka motani, ndipo mtengo umatsata pomwepo. Chithunzi chakuthwa kwambiri pa silinda ya mfuti imene kwina konse n'kotopa chimasonyeza kuti wina anachijambulanso.

Zidindo zing'onozing'ono nazo zimalankhula. Mfuti za boma la Britain zili ndi chizindikiro chooneka ngati mutu wa muvi, ndipo mivi iwiri yoyang'anizana imatanthauza kuti boma linaigulitsa itachoka pa ntchito. Zidindo za nyumba zoyesera mfuti za London ndi Birmingham zimasiyana, ndipo za ku Liège ndi zilembo ELG m'kati mwa kamzere kozungulira, zimene anaziwonjezera chisoti chachifumu pamwamba mu 1893, motero kachisoti kameneka kamakuuzani ngati mfutiyo ndi ya chaka chimenechi chisanafike kapena pambuyo pake. Pa matabwa a chigwiriro cha Colt ya asilikali a America pamakhala chidindo cha woyendera wa boma, monga OWA ya Orville W. Ainsworth pa zoyambirira. Matabwa opalidwa ndi sandipepa amataya chidindochi ndipo amatsika kusiyana ndi chitsulo chowazungulira, chinthu chimene chala chimamva msanga kuposa diso.

Pa Webley Mark VI pali msampha wina wodziwika. Zambiri zitagulitsidwa ku America pambuyo pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ogulitsa anasenga kumbuyo kwa silinda kuti ilandire zipolopolo za .45 ACP. Mudzazindikira poona kuti manambala a pasilinda adulidwa m'munsi mwake ndipo mpata wa pakati pa silinda ndi felemu wakula. Mfuti yotere yatsika mtengo, ndiponso zipolopolozo n'zamphamvu kuposa zimene inapangidwira.

Ponena za kayendedwe ka zam'kati, kwezani hamala pang'onopang'ono mwini wake akavomera, mumve ngati silinda ikukhazikika pamalo pake popanda kugwedera. Pa Single Action Army musatsitse hamala kuchokera pakati. Ikwezeni kaye mpaka kumapeto, kenako muitsitse mutaigwira ndi chala, apo ayi kachitsulo koimitsa silinda kamakanda mzere wozungulira umene sufufutika. Musaikhethemule yopanda kanthu ngati mmene amachitira m'mafilimu, pakuti masipuling'i a zaka 150 sachedwa kuthyoka.

Nkhani za ogulitsa ndi mapepala

Pafupifupi mfuti yakale iliyonse imabwera ndi nthano yake, ndipo nthano yopanda pepala musailipire. Kampani ya Colt ili ndi nthambi yosunga mabuku akale imene imalemba kalata yonena tsiku limene mfuti ya nambala yakutiyakuti inatumizidwa, kumene inapita, kutalika kwa mpope ndi mtundu wa chigwiriro chake, ngati zolembedwazo zilipo. Makalata otere amapezekanso pa mfuti za Smith & Wesson. Ku Britain, akuluakulu a asilikali ankadzigulira okha mfuti zam'manja, ndipo zambiri zili ndi dzina la sitolo pamwamba pa mpope; mabuku a sitolo ya Army & Navy Co-operative Society amasungidwa ku University of Glasgow, ndipo nthawi zina amaonetsa dzina la amene anagula. Kalata ikanena mpope wa mainchesi 7½ koma m'manja mwanu muli wa 4¾, mwadziwa kuti unadulidwa kapena kusinthidwa.

Chenjerani ndi mfuti zatsopano zokalambitsidwa dala. Makampani a ku Italy monga Uberti ndi Pietta amapanga mwachilungamo mfuti zotengera zakale ndipo amazidinda mayina awo, koma akamberembere amapala zidindozo, n'kudyetsa chitsulo ndi asidi kuti chioneke chachikale. Dzimbiri la asidi limakhala lofanana paliponse ngati nthomba, pamene la zaka limasankha malo. Mfuti zosowa kwambiri, monga Walker ndi zopangidwa kumwera kwa America pa nkhondo yapachiweniweni ija, ndizo zimanamiziridwa kwambiri, choncho pa zimenezi pemphani kuti katswiri wosagwirizana ndi wogulitsa aione, ndipo mugule kwa amene akulola mwa kulemba kuti mungaibweze.

Kasamalidwe

Ndinaonapo Webley imene mwini wake, pofuna kuikonzera wogula, anaikwecha ndi sitiluwulu wotsukira mapoto mpaka inawala ngati supuni. Mutu wa muvi unangotsala ngati chipsera, chidindo cha chaka sichinkawerengekanso, ndipo munthuyo anaiika patebulo monyadira, akudabwa kuti bwanji tonse tangoti chete. Mtundu wofiirira umene chitsulo chimatenga ndi zaka si litsiro ayi, ndipo ukachotsedwa palibe mmisiri angaubwezere. Chofunika kuletsa ndi dzimbiri lofiira limene likudya chitsulo panopa, ndipo nalonso limafuna mafuta ochepa, kansalu kofewa ndi kudekha, osati sandipepa kapena mankhwala owalitsira.

Gwirani mfuti mutavala magolovesi, chifukwa thukuta lili ndi mchere ndipo chala chimodzi chimatha kusiya chidindo chake pachitsulo mpaka kalekale. Osunga zakale ambiri amapaka phula lopyapyala lotchedwa Renaissance Wax, limene linapangidwa m'chipinda chofufuzira cha British Museum m'zaka za m'ma 1950, popeza siligwira fumbi ngati mafuta ndiponso sililowerera m'matabwa. Chinyontho cha m'sefa, kabati yachitsulo yokhoma yosungiramo mfutizo, chikhale chapakati pa 45 ndi 50 peresenti ndipo chisamasinthesinthe. Chikachuluka chitsulo chimachita dzimbiri, chikachepa kwambiri matabwa ndi minyanga ya chigwiriro zimang'aluka. Kumadera a mvula yambiri ikani m'sefa timapaketi toyamwa chinyontho ndipo muzitiumitsa kawirikawiri. Musasiye mfuti m'chikwama chake chachikopa, ngakhale chikhale choyambirira, chifukwa chikopa chimasunga chinyontho ndipo mankhwala ofufutira amadya chitsulo ndi kubiriwitsa mkuwa. Chikwamacho chisungeni pambali, mutachilemba nambala ya mfuti yake pakapepala.

Masikuluwu musawamasule popanda chifukwa, ndipo ngati n'kofunika gwiritsani ntchito sikuludiraiva ya amisiri a mfuti yokwana ndendende m'mpata wake, pakuti mutu wa sikuluwu wophwanyika ndi chinthu choyamba chimene wogula wodziwa amaona. Chigawo chikathyoka n'kuikapo china, chakalecho chisungeni m'kathumba limodzi ndi mfutiyo. Za kuwombera, ine ndimati mfuti yosowa isawombedwe n'komwe. Zambiri za m'zaka za m'ma 1800 zinapangidwira onga wakuda, ndipo Colt sanavomereze onga wamakono wosafuka utsi pa Single Action Army kufikira 1900. Ofuna kumva kulira kwa 1851 Navy ali ndi zotengera za ku Italy, zogwiritsa ntchito pamalo ovomerezeka ndi chiphaso choyenera.

Mfuti iliyonse ikhale ndi tsamba lake m'buku: dzina, nambala, zidindo zonse ndi malo ake, tsiku ndi mtengo wogulira, dzina la wogulitsa, chilichonse chimene chinakonzedwa, ndi zithunzi za mbali zonse ziwiri. Mapepala a chiphaso, malisiti ndi makalata a fakitale muwasunge kwina, osati m'sefa momwe muli mfutizo, ndipo mulembe momveka bwino amene abale anu adzayenera kumuona kupolisi ndi kwa ogulitsa ovomerezeka inu mukadzapita, kuti asadzapezeke akusunga mfuti popanda chilolezo kapena kugulitsa Webley-Fosbery pa mtengo wa chitsulo chakutha.